Fodya wa Pabala

Lolemba, 6 Meyi

Ndinali Sitandade 4 pamene mchimwene wanga Tsoka anadzitema ndi khasu kuphazi. Bambo anafikisa tsamba la fodya n'kumumata pabalapo, monga amachitira aliyense kuno. Magazi anasiyadi. Patapita masiku nsagwada zinauma. Kuchipatala anati kafumbata. Sitinabwere naye wamoyo.

Ndakumbuka zimenezi chifukwa a kukoleji ya mishoni kumene ndinafunsira malo andiimbira. Malo a unamwino ndapeza, sukulu itsegulira mwezi wamawa. Ndipita, zimenezo ndatsimikiza. Ulangizi wa fodya wandikwana. Chatsala n'kuuza Bambo, munthu amene pa Chamama ponse amayenda akunena za "Alangizi athu a digiri."

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndinapita kuchigafa mawu nditakonzeratu. Ndinawapeza akusankha fodya, mwendo umodzi atautambasula. Anandinunkhiza tsamba. "Alangizi, giredi yanji iyi?" Ndinayankha za giredi. Basi. Chiyamiko iwe!

Lachitatu, 8 Meyi

Ndauza Amayi. "Digiri yonse ija, ukakhalenso pabenchi ndi ana a Fomu 4?" Kenako anati, "Abambo ako ukawauze wekha, ine usandilowetsemo."

Zuhra wa pagolosale, nditamuuza za unamwino, anaseka mpaka kugwira kauntala. Akuti ine nkhuku ikamaphedwa ndimayang'ana kumbali. Sakunama. Mwina ndikungothawa ntchito, osati kutsata ina? Ayi. Ndadziyesa mokwanira. Ndipita.

Lachinayi, 9 Meyi

Bambo akutsimphina. Akuti nyamakazi.

Lachisanu, 10 Meyi

M'chigafa munali kafungo kena, osati ka fodya. Ndinakadziwa pomwepo.

"Bambo, kwezani buluku."

"Ukulamula ndani iwe?"

"Kwezani, chonde."

Pamsongolo panali chiguduli chomangidwa ndi thwaini. Chitsulo cha jeke yodindira mabelo chinawacheka sabata yatha, iwo n'kumatapo fodya. Mwendo wotupa, wotentha, mafinya akutuluka m'mbali. Akuti kuchipatala adzapita mabelo akapita ku okushoni.

Ndinati, "Tsoka nayenso tinkadikira."

Dzina limeneli pakhomo pano sititchula. Amayi, amene anali atangolowa, anakhala pansi pomwe anaimapo. Bambo anayang'ana kudenga.

Ndinawiritsa madzi, ndinathira mchere, n'kuyamba kuchotsa tizidutswa ta fodya kamodzikamodzi. Iwo akukuta mano, ine ndikuwauza nkhani zopanda mutu za mbewu ya chaka chamawa kuti asayang'ane. Ndinazindikira titakwera kale galimoto ya hayala ya a Yassin kuti manja anga sananjenjemere n'komwe.

Kuchipatala namwino wake a Feggie, mayi wosanyengerera. "Madala, fodya ngwa pamsika, osati pamwendo!" Jakisoni wa kafumbata, mapiritsi. Atayang'anitsitsa balalo anafunsa kuti watsuka ndani.

"Alangizi," anatero Bambo.

"Ali ndi dzanja ameneyu."

Ndinayang'ana pansi, koma m'kati ndinali kuvina.

Loweruka, 11 Meyi

Kutupa kwayamba kuphwa. Ndawatsukanso. Mawu anga aja akadali pakhosi.

Lamulungu, 12 Meyi

Kutchalitchi Bambo sanapite, mwendo. Pakamwa pandikanika sabata yonse, koma zonse zili muno kale. Nding'amba masamba a buku lino kuyambira Lolemba, ndiwapatse. Za Tsoka sindichotsamo.

Masana

Ndinawapeza pakhonde, chipewa chili pabondo. Ndinagwada, n'kuwapatsa masambawo nditawapinda kanayi.

"N'chiyani, Alangizi?"

"Zimene ndakhala ndikulephera kukuuzani."

Anawatembenuza osatsegula. Anayang'ana kukhitchini kumene Amayi ankanamizira kutsuka mbale zotsuka kale. Kenako anawalowetsa m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Ndiwerenga ndikapeza magalasi," anatero, uku akundisunthira mwendo. "Bandeji yamasuka iyi. Mangani bwinobwino, asakakusekeni kusukuluko."