Fodya wa Chaka Chino Ndipera Ndine

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Chiikireni maliro anu, mdzukulu wanu Tiwonge wabereka ana awiri, onse aakazi. Chimanga chaka chino tapeza matumba khumi ndi anayi, koma atatu alowa anankafumbwe. Mlongo wanga Yotamu wasiya kucheka matabwa ku Chikangawa chifukwa cha msana.

Chandisowetsa tulo ndi ichi. Mwambo wathu wa chaka ndi chaka uli Loweruka likubwerali. Paja gule wa ingoma asanayambe, amayi akuluakulu amakhala pamphasa n'kulandizana fodya wa mphuno, ndipo wopera munali inu. Mutapita, anagwirizira azakhali aNyaTembo, koma tsopano manja awo akunjenjemera. Amayi akuluakuluwo akuti ntchitoyi ndi ya nyumba yathu, ndipo ine ndikaikanika aipereka kwina, sidzabwereranso. Ndinayankha kuti yewo, ndavomera.

Amayi, ine kusakaniza kwake sindikudziwa. Nditabwera kuchokera ku sukulu ya uphunzitsi ndinakufunsani kuti phulusa mumathira masupuni angati. Munaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Supuni ilibe mphuno, mwana wanga." Ndinakwiya, osafunsanso.

Ndagula masamba pamsika wa pa Boma, ndawotcha zitsononkho, ndapera pamwala wanu uja. Ndayesa katatu. Woyamba aNyaTembo anati ndi fumbi la mumsewu wa ku Luwawa. Wachiwiri anawaliza misozi mpaka anandithamangitsa ndi ndodo. Wachitatu anafwenkha, kenaka anayamba kufunsa za nkhuku. Kodi kumeneko n'kuvomera? Inu mukanadziwa.

Chinanso, andikumbutsa kuti wopera ndiye amayamba kufwenkha pamaso pa onse. Ine chibadwire sindinalaweko, ndipo kuchipatala anandichenjeza za kuthamanga kwa magazi. Anzanga a Mvano adzakhalaponso, akuyang'ana. Dzulo ndinatapa pang'ono, ndinafikitsa pamphuno, n'kubwezera m'kabotolo.

Komabe sindilola kuti ntchitoyi ichoke pakhomo panu ine ndili moyo. Loweruka ndidzavala chitenje chanu chakuda, ndidzakhala pamphasapo, ndidzafwenkha ngakhale ndiyetsemule pamaso pa mafumu. Wotapa koyamba ndidzathira pansi, ndi wanu. Mukamumva kuti ndi wozizira, ndapota, musawauze anzanu kumeneko kuti anapera ndi mwana wanu.

Ndimakukondani chomene, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Eneless