Chala chomwe ndinadinda ku Dedza

Lolemba, 29 Okutobala 2018

Ndine Langton Chadza, wa zaka 76. Ndili ku Evington, kuno ku Mangalande, kwa Perpetua, mwana wa mlongo wanga. Zilembo ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, ndiye ndimalemba pang'onopang'ono.

Justus, mwamuna wa Perpetua, wabwera kuntchito ndi nkhani. Mnzake Tendai wamuuza kuti munthu amene anatenga mwana kudzera kukhoti akhoza kupempha boma kuti limubwezere ndalama za msonkho za zaka zam'mbuyo. Akunena za Atuweni, mwana amene akulera m'nyumba muno. Mayi ake, Thoko, mng'ono wa Perpetua, anamwalira mwanayo akuyamwa. Ine monga mwini mbumba ndinam'pereka kwa Perpetua, n'kudinda chala kukhoti ku Dedza. Mwanayo sadziwa.

Perpetua wangoti, "Zisiyeni izi, bambo a Atu."

Justus waseka. "Ndalama zathu zomwe, tisiyire boma?"

Lachitatu, 31 Okutobala

Mapepala akale mbwee patebulo. Atuweni atalowa kuchokera kusukulu, Justus wawaphimba ndi jekete. Mwanayo waona. Ndam'funsa za kusukulu, wayankha m'Chingerezi monga amachitira. Chichewa amamva, koma pakamwa sichituluka.

Lachisanu, 2 Novembala

Amene akuthandiza Justus kulemba mafomu akuti pakusowa pepala limodzi, chilolezo cha bambo womubereka.

Ndati, "Bambo uti? Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Bennet anali mkamwini. Analowera ku Joni mkazi ali ndi pakati, ngakhale pamaliro sanaoneke."

"Amalume, kuno za mbumba sazidziwa."

Ndamuuza kuti asam'funefune Bennet. Wangoyang'ana foni yake.

Lamulungu, 4 Novembala

Kani Justus anam'peza kale Bennet, kudzera mwa msuweni wake wa ku Joni. Ndamva akukangana ndi Perpetua kukhitchini, Atu ali kukwaya. Bennet ankayesa mwana ali kumudzi. Akuti anafunsa kawiri: "Ku Mangalande? Mwana wanga?" Kusaina sanakane, sanavomerenso. Anangopempha chithunzi, Justus n'kutumiza. Cha yunifolomu, dzina la sukulu likuwerengeka pachifuwa.

Perpetua sanakuwe. Anafunsa motsitsa mawu, "Munatumiza chimenecho?"

Lolemba, 5 Novembala

Kunja makombola a chikondwerero cha kuno akuphulika. Foni ya Perpetua ikungolira, nambala ya ku Joni. Sakuyankha. Wapita kushifiti osadya.

Lachiwiri, 6 Novembala

Bennet wasiya mawu pafoni ya Justus, ndipo ndi opita kwa ine. "Muwauze amalume kuti sindinafe. Kukhoti ananena chiyani za ine?"

Ndinanena kuti sakupezeka. Ndipo sankapezeka. Ndikanati chiyani, khanda likulira m'manja mwa Perpetua?

Mawu ake ofatsa, osathamanga. Ndi chimene chikundiopsa.

Justus akuti za ndalama wazisiya. Tendai tsopano akuti mwina zimene anawerenga zija n'za ku Amereka. Palibe waseka. Ndauza Perpetua kuti timuuze mwana ife eni, asanamve kwina. Wati Loweruka, akapuma kuntchito.

Lachitatu, 7 Novembala

Atu wandipempha kuti tikaone nyali za chikondwerero cha amwenye ku Belgrave Road. Awiriwiri, pabasi. Njira yonse foni anangoifumbata m'manja awiri.

Anthu pikitipikiti, fungo la zokazinga, ng'oma. Pa sitolo ina ya ndolo zagolide anaima n'kundikoka mkono. Anandionetsa foni. Chithunzi cha bambo wa chipewa, akumwetulira, mpata pakati pa mano. Mpata womwewo ali nawo Atu.

Ndinadikira Chingerezi, kuti ndinamizire kusamva.

Anayankhula Chichewa, liwu limodzilimodzi, ngati munthu woyenda pamatope.

"Agogo. Munthu uyu akuti ndine mwana wake. Ndi ndani?"

Perpetua ali kushifiti mpaka m'mawa. Ndinayang'ana uku ndi uku.

Ndinati, "Tiye tipeze pokhala."