Ndinafunsa za Mutu, Anayankha za Khutu

Lachinayi, kuno ku Chiringa. Tsiku la lero landitopetsa.

Dzulo kuchipatala ndinauza amayi ake a Esinati, mwana amene akutsegula m'mimba, kuti asungunule paketi ya mankhwala m'madzi owiritsa, azimumwetsa pang'onopang'ono. Ndinafunsa kuti, "Zamveka?" Iwo anati, "Zamveka, anesi."

Lero abwera naye maso atalowa m'kati. Paketi ili chimangire kunsonga ya chitenje, yosatsegula.

"Mayi, si munati zamveka?"

"Eee, zinamveka. Mawu anu ndi aakulu, ndi apanja omwe anamva. Koma Chichewa chanu cha ku Kasungu chimathamanga, sindinatolepo kanthu."

Ndinapsa mtima, koma ndikalipire ndani? Kumva ndi khutu ndi kumva ndi mutu, liwu ndi limodzi lomwelo, sananame.

Mwana tamuika diripi, madzulo ano wayamba kuyamwa. Kuyambira mawa aliyense azisungunula yekha ine ndikuona. Chikhala kuti anachedwa kubwera naye...