Zitsekerero za Delfina

Lolemba, 12 Maio 2025
Koyamba chaka chino ana sanagone mu aula yanga ya empreendedorismo, phunziro la kayambitsidwe ka malonda. Kolega Virgílio, mphunzitsi mnzanga wa informatika, za makompyuta zija, wandibwereka telefoni yake yokhala ndi IA, ija umailembera iyo n'kumayankha ngati munthu. Tinakakhala pa chulu kuseri kwa sukulu pomwe redi ya telefoni imagwira. Mwana akanena malonda amene akuganiza, IA imamupanikiza ngati wogula wovuta. Adilson akuti adzaweta nkhuku. Iyo: "Nanga chitopa chikabwera?" Ana onse kuseka mpaka misozi.
V. ndi munthu. Ma mega a intaneti ndi ake omwe, osadandaula.

Lachitatu, 14 Maio
Delfina! Mtsikana wokhala kumbuyo uja, amene ndinkayesa kuti sandimva n'komwe. Akuti anthu okumba golide ku galimpo akamalowa m'dzenje amasowa posiya telefoni ndi zovala, akatuluka amapeza zabedwa. Iye akufuna kaokala kowasungira katundu, kwinaku matelefoni akudya moto pa painelo ya magetsi a dzuwa ya malume ake. IA yamufunsa: "Udzadziwa bwanji kuti thumba ili ndi la uje?" Wati akaganiza.

Lachisanu, 16 Maio
Wabwera ndi zitsekerero za mabotolo, ziwiriziwiri, zolembedwa nambala ndi penti. China pa thumba, china mwini wake avale m'khosi ndi kachingwe. Palibe anamuuza, ndi mutu wake.
Asanalembe mu telefoni malo amene wasankha anaima kaye, n'kundiitana momwe ana amaitanira aphunzitsi aakazi. "Sitora, zimenezi zikupita kuti?"
Ndinati, lemba zonse mwanawe, ndi makina chabe, palibe awerenge. Walemba: pansi pa mtengo wa bwemba, pamphambano yolowera ku galimpo. Adzayamba pa feriyasi, tchuthi cha Agosto.
Ndabwera kunyumba ndikuimba.

Loweruka, 24 Maio
Ndimapita pa mota, njinga yamoto, kukaona mlamu wanga wodwala. Pamphambano paja, pansi pa bwemba, kaokala katsopano, udzu wake ukadali wauwisi. Painelo padenga. Anyamata a matope mpaka m'tsitsi ali pamzere, zitsekerero m'khosi.
Wolandira matumba ndi dona Mariza. Mkazi wa V.
Anandikwezera dzanja, kumwetulira. Ine ndinakwezanso. Chitsiru.

Lamulungu, 25 Maio
Kutchalitchi V. ndi amene anawerenga mawu. Sindinamve kanthu.

Lolemba, 26 Maio
Ndamupeza yekha mu sala ya aphunzitsi akudya mtedza. Sanakane n'komwe.
"Kolega Edite, telefoni ndi yanga. Ndisawerenge za mu telefoni yanga?"
Ndinati zinali za mwana.
"Mwana akanatha? Agosto ndi kutali, wina akanamulanda ndithu. Si inu mumawaphunzitsa kuti mwayi sudikira munthu?"
Akutinso IA ikanauza aliyense zomwezo. Bodza. Zitsekerero zija IA sinazitchule, ndinalipo.
Pomaliza wandipatsa mtedza. Akuti Lachitatu telefoni ndidzatenge monga mwa masiku onse.
Munthu amene ndinamuyimira pa batizo ya mwana wake. Kompadre wanga.

Lachiwiri, 27 Maio
Mpando wa Delfina uli wokha. Ana akudziwa kale, tauni yathu ya Fíngoè ndi yaing'ono. Kwa diretolo, mkulu wa sukulu, ndapita, akuti nkhani za malonda a mabanja si za sukulu, tikambirane ngati akuluakulu.

Lachinayi, 29 Maio
Ndapita kwawo. Amayi ake anandiyalira mphasa, ulemu wonse, koma maso kumbali. Delfina anatuluka mochedwa, manja ali ndi madeya.
Ndinayamba kufotokoza. Anandisiya mpaka ndinamaliza.
"Munati palibe awerenge, Sitora."
Ndinati nanenso sindinadziwe.
"Kumsika akuti inu ndi a Virgílio munagwirizana."
Amayi ake anamukalipira kuti sayankhula choncho kwa aphunzitsi. Bola akanamusiya.

Lolemba, 2 Junho
Telefoni ya V. sindinaitenge. Mchimwene wanga Cipriano wanditumizira yake yakale kuchokera ku Tete, yosweka pakona koma IA ikuyenda. Ndaionetsa ana, ndawauza kuti iyi igona m'chikwama changa, ndipo tikamaliza tizifufuta zolembedwazo limodzi iwo akuona.
Tinakwera pa chulu. Ndinafunsa woyamba ndani. Adilson akungokanda pansi ndi kamtengo.
Delfina wabwera lero, anakhala kumapeto. Patapita nthawi anakweza dzanja.
"Ndili ndi ganizo lina, Sitora. Loposa lija."
Ndinamutambasulira telefoni.
Anaiyang'ana, kenako anayang'ana ine.
"Ayi. Ndimangofuna mudziwe kuti lilipo."
Anapinda manja. Dzanja langa linatsala m'mwamba mpaka belu linalira.