Nsapato Yanga Inalira M'tchalitchi

Chintheche
9 Okutobala 2012

Okondedwa achemwali Emily,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, chifuwa chija chinasiya? Ine kuno ndili bwino kuyambira kumutu kulekeza m'maondo. Kumunsiko ndiye kwandilembetsa kalata, chifukwa pa foni mukanandiseka mpaka mayunitsi kutha ndisanafike pa mfundo.

Kuno kwatentha, mchenga sukupondeka. Ana anga a Sitandade 6 akuyesetsa, ngakhale akafuna kundijeda amatembenukira ku Chitonga. Kondowole, nsima ya chinangwa ija, ndinazolowera. Temwa, mtsikana wa ku Bandawe ndinakuuzani uja, akupereka moni.

Vuto linayamba mwezi wa Julayi. Chidendene cha kumanja chinayamba kubaya ngati ndaponda msomali, makamaka m'mawa ndikangotsika pabedi, kapena ndikadzuka nditakhala pansi nthawi yaitali. Tsono Lamulungu ndimakapemphera kutchalitchi cha kwawo kwa Temwa, kumene bambo ake, ada Mhone, ndi mkulu wa mpingo. Ulaliki ukatha ndinkadzuka pabenchi ndikudzandira, n'kumagwira mapewa a anthu. Mbiri inawanda kuti mphunzitsi wa ku Ntcheu uja amalawirira kachasu. Tsiku lina Temwa anabwera akulira. Anati bambo ake anenetsa kuti mwana wawo sangamupereke kwa munthu woledzera Lamulungu m'mawa. Ine, achemwali, amene thobwa logona lokha limandizunguza mutu!

Ndinathamangira kuchipatala, ngati kutsimphina kuja tingakutche kuthamanga. Adokotala anati phazi langa ndi lathyathyathya ngati la bakha, ndipo nsapato zanga zinatha kale m'kati. Anandiuza kuti ndipeze zoyala m'nsapato, zimene amati mainisolo. Anati akhale olimbirako, otukuka pakati kuti achirikize phazi, ndiponso okumbika kuchidendene. Anabwereza kuti kufewa kokha si mankhwala. Koma m'magolosale a kuno zoterezi kulibe.

Aliyense anasanduka dokotala. A Mackson, aphunzitsi anzanga, anandidulira katoni ya sopo. Pofika masana thukuta linali litaisandutsa phala. Mayi Agness, eni nyumba imene ndimakhala, anang'amba chidutswa cha matiresi akale. Phazi linakondwa, koma nsikidzi zimene zinkakhalamo zinasamukira m'sokosi, ndipo ndinaphunzitsa masamu ndikuvina.

Mapeto ake ndinakwera minibasi kupita ku Mzuzu. Venda wina wa kaunjika anandionetsa mitundu iwiri. Ena anali olimba, ndendende monga ananenera adokotala. Enawo anali abuluu, ofewa, okhala ndi zamadzimadzi m'kati, ndipo analumbira kuti ndi amene amavala azungu obwera kugombe la Makuzi. Nditawaponda ndinamva ngati ndaponda papaya lakupsa. Mawu a adokotala ndinawasiya pomwepo, ndinatenga abuluuwo.

Temwa anali atapempha abusa kuti Lamulungu lotsatira ndidzawerenge Mawu, anthu adzionere okha kuti ndimayenda mowongoka. Ndinavala suti ija ya paukwati wanu. Nthawi itakwana ndinadzuka bwinobwino, tchalitchi chonse chili zii. Ndili pakati pa mabenchi, inisolo ya kumanja inaphulika. Kuponda, phwii! Phokoso lake simungalisiyanitse ndi la munthu amene wagonera nyemba. Ndinaima, linasiya. Kuponda kachiwiri, phwii! Amayi a bungwe la Umanyano anabisa nkhope m'zitenje, akwaya mapewa ali gwedegwede. Ndinayesa kuyendera zala, koma zinangochititsa kuti liwu likwere. Salimo ndinawerenga ndithu, koma sindikhulupirira kuti alipo analimva. Pobwerera ndinasiya mapazi abuluu pasimenti.

Titatuluka, ada Mhone anandiitanira pansi pa mtengo wa mango, pali akulu ampingo ena awiri. Temwa anaima patali atagwira tsaya. Mtima wanga unati basi, ukwati wathera pano. Ada Mhone anandifunsa mwaulemu kuti kodi kwathu ku Ntcheu ndi mmene timalemekezera nyumba ya Mulungu. Poona kuti pakamwa sipandipulumutsa, ndinavula nsapato pamaso pawo. Sokosi yanga yobooka inatulukira, chala chachikulu chili panja, chabuluu. Ndinafotokoza zonse kuyambira Julayi.

Ada Mhone anayang'anitsitsa phazi langalo. Kenako anasendera pafupi n'kundifunsa motsitsa mawu ngati kubayako kumakula m'mawa. Nditavomera, anaulula kuti nawonso chidendene cha kumanzere chakhala chikuwazunza, ndipo ankaganiza kuti anaponda mankhwala padoko pamene amaimika mabwato awo. Mkulu wa mpingo, achemwali! Anzawo aja anayang'ana kumwamba ngati akufuna mango.

Anapempha inisolo yotsalayo kuti angoyesa. Anaiika m'nsapato mwawo, anazungulira mtengo, nkhope n'kumasuka. Atabwerera anandigwira dzanja n'kundithokoza m'Chitonga.

"Yewo, asambizi. Kawauzeni amalume anu abwere, tidzakambe."

Inisolo sanabweze. Ine ndinabwerera kunyumba ndikutsimphina monga kale, koma ndikuimba.

Pempho langa ndi limodzi. Kawauzeni amalume Lester kuti njira yatseguka, ndipo pobwera adzere m'masitolo ogulitsa mankhwala ku Lilongwe akatigulire mainisolo mapeya awiri. Akhale olimba aja, otukuka pakati. Chilichonse chabuluu kapena chogwedezeka m'kati asachikhudze, ngakhale wogulitsayo alumbire bwanji. Saizi ndaika m'envulopu momuno: ndajambula mapazi athu papepala. Lalikululo ndi la apongozi, anaima okha papepalapo ine nditagwada ndi pensulo. Ana asaseweretse. Ndipo chonde amalume afulumire, chifukwa ya kumanzere ija ingaphulike tsiku lililonse, pomwe ada Mhone ndi amene amazungulira tchalitchi chonse ndi mbale ya chopereka.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma za phokoso lija muwauze akatha kudya. Moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Bawi, ndi kwa adzukulu awo a amayi onse. Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu wotsimphina,
Mthokozi