Nkhope ya malemu bambo yabwerera pa chimbale, wavomereza ndani?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 44. Ndimagwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha kwathu kuno, kuyeza anthu shuga ndi kumasulira madokotala akamalankhula ndi okalamba. Nkhani yanga ndi ya achimwene anga, a Ambrose. Ndikuwaganizira chinthu choipa, ndipo sindikudziwa ngati ndikuwalakwira.

Bambo athu ali mnyamata, ine ndisanabadwe, kudabwera azungu ojambula filimu. Inali nkhani ya mzungu wokumba zitsime yemwe adakumba pamalo oletsedwa, mphepo n'kuyamba kumulondola kulikonse. Bambo adasewera ngati womuperekeza m'chipululu. Filimuyo idatchuka, akuti mpaka kunja amaiphunzira m'masukulu. Ife tinali ndi tepi yake yakale, yotha ntchito, yomwe tinkaonera pa Khirisimasi tikudya mchira wa kangaru, n'kumaseka kuwonda kwa miyendo ya bambo. Eni ake ankati, "Sekani, koma miyendo imeneyo ndi yomwe idakopa amayi anuwa."

Muli malo amodzi m'filimumo pomwe nkhalamba zinayi zimalowa m'phanga ndi kumasula chinthu chokulungidwa. Ndi zinsinsi za amuna zimenezo, zosaonedwa ndi akazi, inu mukudziwa. Pa tepi paja sipankaoneka kanthu, mdima wokhawokha ndi mawu, komabe zikafika pamenepo amayi ankanyamuka kukatereka tiyi, ife atsikana n'kuzolika.

Bambo anatisiya mu Epulo. Zithunzi zawo tinachotsa, nyumba tinaifukiza, dzina lawo tinaligoneka, moti aliyense wofanana nawo dzina tsopano tikumuitana Kumanjayi. Amayi akadali m'masiku osatulutsa mawu, akulankhula nafe ndi manja okha.

Mwezi watha kuntchito kunafika phukusi la dzina langa. M'kati munali chimbale ndi kalata ya mzungu wina wa ku Melbourne, dzina lake Hamish. Akuti kampani yawo yatsuka filimu ija ndi makina, tsopano ikuwala kuposa momwe idaonekera ngakhale tsiku loyamba, ndipo chimbalecho chilowa m'masitolo Khirisimasi isanafike. Amafuna ndikakhale kutsogolo kwa kamera ndifotokoze za bambo, mawu anga awaphatikize pa chimbalepo. Chakumapeto analemba kuti akuthokoza banja lathu povomereza.

Banja liti? Ine palibe anandifunsa. Amayi palibe anawafunsa.

Apa ndiulule changa. Loweruka masana, odwala atatha, ndinatseka chitseko cha chipinda chodikirira ndi kuika chimbalecho m'makina a TV yaikulu ija. Ndinadziuza kuti ndingofuna kudziwa zomwe akugulitsa. Bodza, ndinkafuna bambo. Ndipo anabweradi, Aphungu. Chipsera cha pa nsidze, thukuta likutsika m'khosi, ntchentche itatera pa phewa, tsitsi loti ungawerenge limodzilimodzi. Ndinalira mpaka kuiwala pomwe filimu yafika. Nditapukuta maso, tinali m'phanga, ndipo mdima uja kunalibe. Ndinaona. Ndinazimitsa msanga, koma ndinali nditaona kale. Sindinauze munthu mpaka lero, ngakhale amuna anga.

Lolemba ndinamuimbira Hamish. Mawu ake ndi ofewa ngati a m'busa. Anati, "Pepani kwambiri za bambo anu. Koyambirira kwa chimbale taikako chenjezo loti muli anthu omwalira." Ndinati, "Chenjezo lanulo lidzawerengedwa ndi mwana amene waona kachidutswa pa foni? Wavomereza ndani?" Anayamba wakhosomola, kenako anati, "Mkulu wa banja, a Ambrose. Tinakhala nawo masiku awiri kuno ku Melbourne, munthu wabwino kwambiri."

Mu Ogasiti a Ambrose anatiuza kuti akupita ku Adelaide kukaonetsa maso. Ine ndemwe ndinawalembera tsiku la dokotala. Anabwerako ndi chipewa chatsopano ndi nsapato zachikopa, ife n'kumawaseka kuti dokotala wa maso wayamba kugulitsa nsapato.

Nditalankhula ndi Hamish uja, ndinakawapeza kwawo ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ili panja. Ndinati, "Achimwene, maso aja achira?" Anati, "Akuona kuposa ako." Ndinati, "A Hamish akupereka moni." Sipanala inaleka kulira. Anatuluka pang'onopang'ono, akupukuta manja, n'kunena kuti, "Zimenezo si zako, iwe." Ndinati, "Bambo si anga? Amayi atseka pakamwa miyezi isanu ndi umodzi, inu mukukamwa tiyi ndi azungu?" Anangofunsa, "Akutumizira chimbale? Wachionera?" Ndinanama kuti ayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso pansi. Kenako anati, "Undipatse." Ndinati chili kuntchito. Ndiye anachita chinthu chomwe chikundisowetsa mtendere. Anaseka. Anati, "Nkhalamba zija sizinali zopusa, mlongo wanga," n'kubwereranso pansi pa galimoto.

Munthu amaseka chiyani pa nkhani ngati iyi?

Pa nkhalamba zinayi za m'phanga zija watsala mmodzi yekha, atsibweni athu a Barnabas. Akalamba kwambiri, tsiku lina amandidziwa, tsiku lina amandiitana dzina la malemu agogo. Amakhala kumudzi wa kuchitsime, ulendo wa maola awiri pa msewu wafumbi, komwe a Ambrose sankapitako ngakhale kamodzi pachaka. Alamu anga a Noelene, akazi awo a Ambrose, andiuza kuti chibwerere ku ulendo uja amuna awowo apitako katatu. Anati, "Ukawafunsa akuti akukapereka fodya. Fodya wanji wosatha?" Mtima wanga ukundiuza kuti akukanyengerera nkhalamba yoiwalaiwala kuti idinde chala pa pepala la azungu.

Sabata ya mawa kuli msonkhano wa mudzi wonse. Ndikufuna kuimirira ndinene zonse pamaso pa akulu. Koma mlandu wa kuulula za amuna si wamasewera kuno, a Ambrose akhoza kuthamangitsidwa kapena kuposa apo, ndipo ndi mwana wa amayi anga. Komanso akadzandifunsa kuti, "Iwe wadziwa bwanji kuti m'phangamo mukuoneka?" ndidzati chiyani? Ndikakhala chete, nkhope ya bambo idzalowa m'nyumba iliyonse amayi asanasudzulidwe. Ndithandizeni.

R.N., Tennant Creek

Mayi R.N.,

Pepani ndi maliro. Mayina ndasintha, ndipo mizere itatu ya kalata yanu ndaidula dala, pomwe munayamba kufotokoza zomwe munaona m'phangamo. Musazilembenso, kwa ine kapena kwa wina aliyense.

Tiyambe ndi inu, chifukwa nkhani yanuyo mwaibisa pakati pa ya achimwene anu. Mwanyamula mantha mwezi wathunthu muli nokha, ndipo munthu wamantha akakwiya sasankha pomenya. Simunapite kukasuzumira dala. Munkalira bambo anu, makina a anthu ena n'kuyatsa pomwe padasiyidwa mdima. Pitani kwa azakhali anu aakulu sabata ino, muwauze momwe mwandiuzira ine. Adzakukalipirani, mwina kwambiri, chifukwa choonera nkhope ya womwalira nthawi isanakwane. Koma iwo akudziwa choti achite ndi mkazi amene waona mwangozi, ndipo inu si woyamba. Mukaulula nokha ndi ngozi. Zikadzatuluka pamsonkhano, anthu adzati mumabisa.

Tsopano a Ambrose. Chipewa ndi nsapato si umboni, zichotseni m'mutu. Umboni weniweni muli nawo umodzi: ananama za ulendo. Zina zonsezo zikhoza kuwerengedwa pawiri. Maulendo atatu kwa atsibweni akhoza kukhala ofuna chala cha nkhalamba, monga mukuganizira. Akhozanso kukhala a munthu amene anaonetsedwa chinthu ku Melbourne n'kuthamangira kwa yekhayo amene analipo tsiku lojambulalo kukafunsa kuti, "Kodi mudawapatsa chiyani azungu aja?" Ndipo ngati n'choncho, inu mukudziwa kuti yankho lake sangauze mlongo wake, ngakhale atafuna.

Kuseka kuja ndakuganizira. Ine ndakalamba ndikumva za akulu akale amene kamera ikafika ankasema kamtengo dzulo lake, n'kukalemba mizere yopanda tanthauzo, n'kukaonetsa ngati chinsinsi chenicheni, mzungu n'kupita kwawo atakhutira. Sindikunena kuti ndi zomwe zidachitika kwanu. Sindikudziwa, inunso simukudziwa, ndipo funso limeneli si la ife akazi. Uzani amuna anu kuti chimbale chafika. Iwo atenge akulu awiri odalirika, apite kwa a Barnabas tsiku lomwe mutu wawo uli bwino, a Ambrose ali pomwepo. Chimbalecho chichoke m'kabati ya chipatala lero lomwe, kumeneko aliyense angachiike m'makina. Chikulungeni, chipite m'manja mwa akulu amenewo, osati mwa a Ambrose okha.

Koma ngakhale zitapezeka kuti za m'phanga zili bwino, achimwene anu sanayere. Nkhope ndi mawu a bambo anu ndi zenizeni, ndipo mwini maliro ndi amayi anu. Mwana wamwamuna sangavomereze yekha kuti nkhope ya malemu ituluke mkazi wamasiye akadali wosalankhula. Pamenepa alakwa, ndipo muwauze m'nyumba, maso ndi maso. Amayinso amve kwa inu, mutakhala nawo pansi, asanamve kwa mdzukulu wonyamula foni.

Kukayika kwanu kwambiri kusungireni Hamish wa mawu ofewayo. Ndaona ambiri otere. Amapepesa bwino, tsiku logulitsa osalisuntha. Onani kuti anakulemberani zoti banja lavomereza asanakufunseni n'komwe, ndipo anakutumizirani chimbale, inu mkazi, osanena kuti m'phanga muja tsopano mukuoneka. Kapena sadziwa, kapena sasamala, ndipo zonse ziwirizo n'zoopsa. Lekani kulankhula naye pa foni. Pitani kwa maloya a bungwe lathu loona za malo, amulembere kalata yofunsa pepala lomwe lidasainidwa, tsiku lake, anasaina ndani, analipo ndani, ndipo anauzidwa chiyani za phanga ndi za maliro. Kalata yomweyo ipemphe kuti chimbale chidikire mpaka amayi anu atasudzulidwa, ndi kuti akulu achione kaye asanachitulutse. Mwina akana. Koma kukana kolembedwa pa pepala kumawavuta anthu amene amakonda kudzitcha abwenzi athu. Kutsogolo kwa kamera yake musakhaleko. Nkhope yanu ikangolowa pa chimbalepo, ndiye chilolezo chomwe akusowacho.

Za msonkhano wa sabata ya mawa, ayi. Musaimirire. Mawu onenedwa pamaso pa mudzi wonse sabwezeka, ndipo pofika madzulo amakhala ali pa foni iliyonse mpaka ku Melbourne. Ngati chinthu chija n'chenicheni, mudzakhala mwauza dziko lonse poyenera kuyang'anitsitsa. Ngati n'chosema dzulo, a Ambrose adzayenera kusankha pakati pa kulandira chilango chosalakwa ndi kuulula chinyengo chomwe nkhalamba zinayi zasunga zaka zoposa makumi anayi. Ndipo akangoulula, kudzabwera galimoto ina ya azungu, ndi kamera yoona bwino kuposa iyi, kudzafunsa komwe kuli chenichenicho.

Phungu wanu