Amumeta ali moyo

Lachinayi. Lero mtima wanga wanyansidwa.

Ndinapita kuchipatala ku City Centre kukaona mkazi wanga Naphiri, amene sitiroko inamutseka pakamwa. Ndinamupeza atametedwa mpala, mutu wonse uli mawaya. Kwathu timameta maliro akachitika. Iwo amumeta ali moyo, osandifunsa.

Ndinati kwa namwino, "Mwanawe, zimenezi bwanji?" Anayankha maso ali pafoni: "Agogo, mawayawa amamva za m'mutu mwawo n'kutumiza muno. Pano akusonyeza kuti ali bwinobwino."

Bwinobwino, misozi ikutsikira m'makutu?

Ndinamumanga duku pamwamba pa mawayawo, makina n'kuyamba kulira. Namwino akuti ndikabwerezanso sadzandilola kulowa. Mawa ndipitabe. Koma akakanditsekereza pakhomo, mnzangayo sangathe n'kundiitana komwe...